Mzinda Umene Unamangidwa ndi Obwera

Pamene amishoni a ku Scotland anamanga misasa yawo m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, natcha malowo Blantyre pokumbukira kwawo kwa David Livingstone, panalibe mlosi amene akananenera kuti pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru padzakhala khamu la anthu oposa 800,000, monga kalembera wa 2018 anapezera. Limbe, amene anali tawuni payekha, analumikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Ndipo ngakhale Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, mafakitale a ku Makata ndi masitolo a amwenye a ku Limbe sanaleke kuitana ana a mitundu yonse.

Amang'anja ndi Ayao, amene amishoni anawapeza, analandira Alhomwe ochokera ku Mozambique, Asena a kuchigwa cha Shire, Angoni a ku Ntcheu, Atumbuka ndi Atonga a kumpoto. Ndipo popeza atsamunda anafuna manja a anthu akuda koma osati nyumba zawo pakati pa tawuni, obwerawo anamanga m'mphepete, namera Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo wokayika apite mumsika wa Ndirande, akaone mmisiri akusula mbaula ndi ndowa kuchokera ku malata otayidwa, pamene zilankhulo zinayi zikutsutsana mtengo wa usipa pa benchi imodzi.

Koma ulemerero wa madera amenewa umaonekera pa tsiku la maliro. Nthambi zikangoyalidwa pamsewu, amayi amadza ndi ufa ndi nkhuni, abambo nagona pasiwa, mbale ya chipepeso niyenda khomo ndi khomo, kwa wa kutchalitchi ndi kwa wa kumzikiti, popanda wofunsa mtundu wa malemu. Umenewu ndiwo mwala wa pangodya wa mzinda uno.

Komabe walira mvula walira matope. Malo atatha m'munsi, nyumba zinakwera mapiri, mitengo nigwa. Madzi opopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire safika mokwanira, kotero kuti amayi amandanda ndi zigubu tambala asanalire. Ndipo m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, anthu a ku Chilobwe ndi ku Manja anakwiririka m'nyumba zimene umphawi unawamangitsa pamalo oopsa.

Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a khonsolo ya mzinda kuti aleke kuyesa anthu a m'makomboni ngati ongodutsa, pakuti thukuta lawo ndilo limayendetsa Blantyre. Ayambe iwo kupima mapuloti pamalo otetezeka, kulambula misewu ndi kuyala mipope khamu lisanafike, chifukwa wantchito ayenera malipiro ake, ndipo malipiro oyamba a womanga mzinda ndiwo pogona posaopsa.