Kaundula wa Mapulogalamu: Musamudane Woyang'anira

Mphunzitsi mnzanga, tiyerekeze kuti mwapeza ntchito pasukulu ina ku Parklands, mumzinda wa Cape Town. Mukufuna kuika pulogalamu ya masamu pakompyuta ya m'kalasi, koma kompyutayo yakana. Akuti mukapemphe kaye kwa woyang'anira makompyuta. Mukwiya, ndikudziwa. Komatu ine ndili mbali ya woyang'anirayo.

Sukulu iyenera kukhala ndi kaundula wa mapulogalamu ovomerezeka: dzina la pulogalamu, kompyuta yomwe ilipo, laisensi yake ndi tsiku lomwe idzathe. Mapulogalamu ambiri "aulere" amapempha mayina ndi malikisi a ana. Ku South Africa lamulo la POPIA, lomwe aliyense adayenera kuyamba kulitsatira pofika pa 1 July 2021, limateteza kwambiri zinsinsi za ana. Zikatuluka, mlandu ndi wa sukulu, osati wa mnzanu uja adakubwerekani fulashi.

Chomwe chimandidandaulitsa ine ndi kaundula wolembedwa kamodzi n'kuiwalika m'kabati. Pulogalamu imakalamba. Kampani ya Microsoft idasiya kukonza Windows XP mu April 2014, ndipo Windows 7 mu January 2020. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry idagwira makompyuta osakonzedwa m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala za ku Britain zidabweza odwala.

Ndiye teremu ikamayamba, kapempheni kaundulayo mumuone. Lembetsanimo pulogalamu yanu ya masamu ija, ndipo mufunsenso kuti ndi liti pomwe adafufutamo yakale.