Ndani wawerenga madola ali m'bokosimo?

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri akhala akusakasaka posunga ndalama zawo kuti zisamathe mphamvu zili m'manja. Ena, makamaka oitanitsa katundu kunja ndi omwe ali ndi abale ku Johannesburg, amva za ndalama za pa intaneti zotchedwa stablecoin, monga USDT ya kampani ya Tether ndi USDC ya kampani ya Circle. Lonjezo lake n'lokoma: ndalama imodzi ndi dola imodzi ya ku America, lero ndi mawa lomwe, chifukwa akuti pa iliyonse yomwe atulutsa pali dola, kapena chuma chofanana nayo, chomwe asunga.

Funso lathu ndi lomwe amayi a banki m'khonde amafunsa: ndani wawerenga? Kumeneko bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu, ndipo ndalama amaziwerenga aliyense akuona. Msungichuma sangoima n'kunena kuti zilimo.

Otsatsa ndalamazi amati zonse zili poyera poti zimalembedwa m'kaundula wa pakompyuta wotchedwa blockchain, yemwe aliyense atha kumuona. N'zoona, koma kaundulayo amangoonetsa ndalama zomwe zatulutsidwa. Madola omwe ali kubanki saoneka m'menemo. Kuli ngati kuwerenga mabuku a mamembala bokosi lili chitsekere.

Nkhani ya Tether ndi phunziro. Mu Febuluwale 2021 kampaniyi ndi inzake ya Bitfinex zidavomera kulipira madola 18.5 miliyoni ku boma la New York pankhani ya chuma chomwe chidasungidwa. Mu Okutobala chaka chomwecho bungwe la CFTC, loyang'anira ena mwa malonda a zachuma ku America, lidalipiritsa Tether madola 41 miliyoni. Lidapeza kuti m'miyezi 26 yomwe lidaunika pakati pa 2016 ndi 2018, kampaniyi idali ndi ndalama zokwanira pa masiku osafika 28 mwa masiku 100 alionse. Nthawi yonseyo anthu ankauzidwa kuti dola ilipo pa ndalama iliyonse.

Kuyambira pamenepo Tether yakhala ikutulutsa malipoti miyezi itatu iliyonse, ndipo tisabise, kumeneko n'kusintha kwabwino. Koma owerenga athu adziwe kuti mapepala osainidwa ndi akauntanti ali mitundu iwiri. Wina umangotsimikiza kuti pa tsiku lakutilakuti ndalama zidalipo. Wina ndi kafukufuku wa mabuku onse a chaka, wolondola komwe ndalama zachokera, komwe zapita ndi ngongole zomwe kampani ili nazo. Pepala loyambalo lili ngati mlendo wosuzumira m'nkhokwe tsiku limodzi: chimanga achiona, koma sangadziwe ngati n'chobwereka kwa mnansi dzulo lake. Kwa zaka zambiri malipoti a Tether adali a mtundu woyambawu.

Ngakhale madola atakhalapo, kufunsa komwe ali n'kofunika. Mu Malichi 2023 banki ya Silicon Valley Bank itagwa, Circle idaulula kuti madola ake 3.3 biliyoni adali m'menemo. USDC idatsika kufika pansi pa masenti 90 mpaka boma la America litalonjeza kuti osunga ndalama kubankiyo alandira zawo. Za TerraUSD sitichulukitsa gaga m'diwa: idalibe madola okwanira kumbuyo kwake, idagwa mu Meyi 2022, ndipo chuma cha madola pafupifupi 40 biliyoni chidapita.

Maiko olemera adzidzimuka. Ku European Union malamulo a MiCA okhudza ndalamazi adayamba kugwira ntchito mu Juni 2024. Ku America lamulo la GENIUS Act, lomwe lidasainidwa mu Julayi 2025, likuti kampani isunge dola pa dola, iziulula mwezi ndi mwezi zomwe yasunga, akauntanti ovomerezeka aziunika lipotilo ndipo akuluakulu a kampani azisainira kuti n'loona. Komabe munthu akakuuzani kuti ndalama yake "ili m'malamulo", mufunseni: malamulo a dziko liti, chiphaso adapereka ndani, nanga dzina la kampaniyo lili m'kaundula wa bungwe lopereka chiphasolo? Chithunzi cha chiphaso chotumizidwa pa WhatsApp si umboni.

Kuno kwathu, Reserve Bank of Malawi idanena mu 2019 kuti ndalama za mtundu wa cryptocurrency si ndalama zovomerezeka polipirira zinthu. Lamulo la ku Washington kapena Brussels silingathamangire kudzathandiza wamalonda wa ku Mponela kapena ku Lunzu. Tether nayo sibweza madola mwachindunji kwa munthu wamba, chifukwa imayambira pa madola 100,000. Tsono wogula zochepa amadalira munthu wapakati, yemwe nthawi zina amangomudziwira pafoni.

Tikupempha banki yaikuluyi kuti isalekere pochenjeza. Ifotokoze m'Chichewa, pawailesi ndi m'nyuzipepala, zomwe malamulo a ndalama zakunja akunena pa nkhaniyi, komanso komwe munthu wobetsa angakadandaule.