Msika umodzi wa masheya, maiko 8: zimene Abidjan ingaphunzitse chigawo cha kummwera

Mphunzitsi wa ku Dakar akasunga kandalama, angathe kugula masheya a kampani ya ku Abidjan osasintha ndalama iliyonse. Mnzake wa ku Chipata akafuna masheya a Illovo Sugar Malawi pa msika wa ku Blantyre, ayenera kusintha Kwacha ya Zambia, kupeza kampani yomugulira tsidya lino, ndipo phindu likatuluka adikire ndalama zakunja, zimene m'Malawi zakhala zikusowa. Wa ku Chipatayo amalankhula chinenero chimodzi ndi anthu a ku Mchinji, koma pa nkhani ya masheya ali kutali kuposa wa ku Dakar uja.

Msika umene umathandiza wa ku Dakar ndi BRVM, womwe likulu lake lili ku Abidjan. Unayamba kugwira ntchito mu Seputembala 1998, kulowa m'malo mwa msika wakale wa Côte d'Ivoire yokha, ndipo umatumikira maiko 8: Benin, Burkina Faso, Côte d'Ivoire, Guinea-Bissau, Mali, Niger, Senegal ndi Togo. M'dziko lililonse muli nthambi yake. Kampani ya mafoni ya ku Senegal, Sonatel, inalowa pa msikawu chaka chomwecho ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali yaikulu koposa. Maboma nawonso amakongola ndalama kumeneko pogulitsa zikalata za ngongole.

Msikawu wayesedwa kangapo. Mu 2011, pa nthawi ya zipolowe zotsatira chisankho ku Côte d'Ivoire, unasamukira ku Bamako kwa kanthawi, malonda n'kupitirira. Mu Januwale 2025 Mali, Burkina Faso ndi Niger anatuluka m'bungwe la ECOWAS, koma pa msikawu sanachoke, chifukwa ndalama yawo idakali imodzi ndi ya anzawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Maiko onse 8 amagwiritsa ntchito CFA franc, yomangidwa ku yuro pa mtengo wosasintha wa 655.957. Ali ndi banki yaikulu imodzi, BCEAO, komanso bungwe limodzi loyang'anira malonda a masheya. Msikawo ndi denga chabe. Mizati inali itaima kale.

Sikuti zonse n'zosalala. Makampani ake sakufika 50, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Côte d'Ivoire. Maiko ang'onoang'ono amapezako ogula ngongole zawo, koma makampani awo saoneka kwenikweni. Ndalama ya CFA nayo ili ndi otsutsa ambiri, amene amaiona ngati chotsalira cha utsamunda wa France.

Kummwera kwa Africa zinthu zinayenda mosiyana. Msika wa ku Johannesburg ndi wa 1887. Wa ku Lusaka unatsegulidwa mu 1994, wa ku Blantyre unalandira kampani yake yoyamba, NICO, mu 1996, ndipo wa ku Maputo unayamba mu 1999. Komiti yogwirizanitsa misika ya masheya ya m'maiko a SADC ilipo kuyambira 1997, koma msika umodzi sunabadwe. Chifukwa chake chinaonekera ku Harare mu Juni 2020, boma la Zimbabwe litaimitsa malonda a masheya. Anthu ankayerekeza mtengo wa masheya a Old Mutual ku Harare ndi wa ku misika yakunja pofuna kudziwa mphamvu yeniyeni ya ndalama ya dzikolo, ndipo boma silinakondwe nazo. Ku Namibia, kumene dola yawo imafanana mphamvu ndi randi, makampani ambiri a ku Johannesburg amagulitsidwanso pa msika wa ku Windhoek popanda mkangano wotere.

Choncho amene amaitanitsa msika umodzi wa SADC akuyambira kudenga. Malinga ngati boma lililonse likusunga ndalama yake ndi malamulo ake oletsa kuitulutsa, msika wotere udzakhala chikwangwani pakhomo basi. Chotheka lero n'chochepa koma chothandiza: kuti kampani yogulitsa masheya yovomerezeka ku Lusaka izitha kugulira kasitomala wake ku Blantyre ndi ku Maputo, ndiponso kuti mabanki aakulu a maiko atatuwa alonjeze kuti phindu la munthu wogula masheya ochepa lizituluka m'dziko m'masiku odziwika. Popanda lonjezo limenelo, mphunzitsi wa ku Chipata adzapitiriza kugula ng'ombe kapena puloti, ndipo palibe amene angamunene kuti walakwa.