Galimoto Zodziyendetsa Zokha Ziyambe Zaphunzira Woyenda Pansi

Munthu akafuna kuwoloka msewu, amayang'ana dalaivala kumaso. Dalaivala akakweza dzanja kapena kuphethiritsa nyali, wowolokayo amadziwa kuti waonedwa. Nanga pa mpando wa dalaivala pakakhala palibe munthu, ayang'ane ndani?

Ku America funsoli akukumana nalo tsiku ndi tsiku. M'mizinda ya Phoenix, San Francisco ndi Los Angeles, kampani ya Waymo imanyamula anthu pa galimoto zopanda dalaivala. Wokwera amaitanitsa pa foni, ndipo m'katimo muli batani loti aimitse galimoto kapena alankhule ndi ogwira ntchito ku kampaniyo. Iye anachita kusankha kukwera. Woyenda pansi sanafunsidwe, ndipo alibe batani.

Mu Marichi 2018 ku Tempe, m'boma la Arizona, galimoto imene kampani ya Uber inkayesa inagunda ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti makina anamuona masekondi oposa 5 asanamugunde, koma sanazindikire kuti ndi munthu. Sanawakonze kuti aziyembekezera wowoloka pamalo opanda mizere. Amene anamuika kuti aziyang'anira galimotoyo maso ake anali pa foni.

Mu Okutobala 2023 ku San Francisco, mayi wina atagundidwa ndi galimoto wamba anagwera kutsogolo kwa galimoto yodziyendetsa ya Cruise, imene inamukhwekhwereza mamita pafupifupi 6. Boma la California linaimitsa chilolezo cha kampaniyo.

Oikira kumbuyo galimotozi amati makina saledzera, sasinza ndipo sakwiya. N'zoona, ndipo zimenezi zingapulumutse miyoyo yambiri. Koma ndikukana maganizo oti anthu ndiwo asinthe kayendedwe kuti makina asavutike. Mwana wothamangira mpira saona mizere. Gogo wa ndodo sawoloka pa liwiro limene kompyuta yawerengetsa.

Mu 2018 kampani ya Jaguar Land Rover inayesa kuika maso akuluakulu oyerekezera kutsogolo kwa tigalimoto take kuti tizipenya wowoloka. Nzeruyo ndi yabwino pokhapokha ngati makinawo amuonadi munthuyo.

Boma lisanapereke chilolezo, lizifuna umboni woti galimoto imazindikira munthu pena paliponse, masana ndi usiku, komanso kuti kampani idzayankha mlandu ikavulaza munthu. Yolephera mayeso amenewa isatuluke pa geti.