Sikelo ikhale khomo lotulukirira khansa ya khomo la chiberekero

Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ochuluka zedi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidayerekeza kuti m'chaka cha 2020 amayi oposa 4,000 adapezeka ndi nthendayi m'dziko muno, ndipo pafupifupi 3,000 adamwalira nayo. Komatu iyi ndi khansa yopeweka. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene anthu amapatsirana pokhala malo amodzi, ndipo pamatha zaka 15 kapena 20 kuti zilonda zoyamba zisanduke khansa. Mwa mayi amene ali ndi HIV imafulumira.

Boma lidayamba kuyeza amayi m'zipatala m'chaka cha 2004. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo odwala amayera pakangopita mphindi imodzi. Ntchito yake ndi yaifupi, koma ndi amayi angati a ku Bwanje amene angasiye munda wa mpunga kapena geni yake pa Golomoti n'kupita kuchipatala asakumva kupweteka paliponse?

Apa ndi pamene sikelo ya amayi oyembekezera ingatithandize. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 95 mwa 100 alionse amaonedwa ndi wachipatala ali ndi pakati. Palibenso nthawi ina imene amayi amafika kuchipatala mwaunyinji chotere. Mayi amene wabwera kale pachipatala cha Mua kapena ku Mtakataka kudzayezetsa magazi, angathe kufunsanso za kuyeza khansa, osalipira kabaza kawiri.

Koma pali zopinga ziwiri. Choyamba ndi kuchedwa. Kuyeza ndi viniga kumaoneka bwino pakati pasanakule, chonsecho kafukufuku yemweyo adaonetsa kuti amayi 24 okha mwa 100 ndiwo amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Ambiri amabisa pakati poopa anthu oipa mtima, ena amadikira chilolezo cha apongozi. Akamafika kusikelo pakati patakula, namwino sangachitire mwina koma kuwauza kuti adzabwere akachira.

Chachiwiri ndi kusabwerera. Mayi woyembekezera akapezeka ndi zilonda zoyamba, achipatala sazitentha nthawi yomweyo, pofuna kuteteza mwana. Amamuuza kuti adzabwere patapita masabata angapo atachira. Apa ndiye pogona nkhani. Khanda lili kumsana, mitsinje yadzaza m'dzinja, thupi silikupweteka, ndipo tsiku lolembedwa m'buku lachipatala limaiwalika. Kuyeza kopanda chithandizo sikupulumutsa munthu. Choncho ndi nzeru kuti tsiku la chithandizo cha mayi lizigwirizana ndi tsiku la katemera wa mwana, poti ulendo umenewo amayi ambiri sauphonya.

Abambo ali ndi gawo lalikulu. Mwamuna atha kukhala ndi HPV zaka zambiri popanda chizindikiro, kotero n'kulakwa kuloza chala mayi ngati wachimasomaso. Akalandira chithandizo, achipatala amalangiza banja kudziletsa kwa mwezi wathunthu kuti chilonda chipole. Bambo womvetsa zimenezi wasunga lonjezo lake la paukwati, lokhala limodzi pabwino ndi pamatenda.

Katemera wa HPV, amene boma lidayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, adzateteza ana athu. Koma amayi amene ali kusikelo lero adakula katemerayu asanafike, ndipo chitetezo chawo ndi kuyezetsa. Cholinga cha WHO n'chakuti pofika 2030, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo.

Akatekisti, alangizi a mabanja ndi amayi a m'miphakati, uthenga wake ndi wachidule: yambani sikelo msanga, funsani za kuyeza khansa, ndipo bwererani pa tsiku limene mwauzidwa. Amene akutaya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, kapena akutuluka madzi onunkha, asadikire sikelo kapena mankhwala achikuda. Apite kuchipatala lero lomwe. Pajatu timasamala moyo wa mwana amene ali m'mimba. Tisamalenso moyo wa mayi amene adzamulere.