Kodi Amene Anatsala Panjira Si Anzathu?

Bambo Mkonzi, ndiloleni malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndinene mawu amene akhala alikundivuta mumtima kuyambira Loweruka lija pamene sukulu yathu inalandira alendo okalamba. Aphunzitsi athu ndi anzanga nonse munawaona madoda aja 14, amene anatsiriza Fomu 4 pasukulu pano m'chaka cha 1975, ndipo anapangana kudzaonanso malo awo akale patapita zaka 50. Ena anabwera pa galimoto zawo, ena anatsika minibasi kumsewu nayenda pansi, ndipo awiri anali ndi ndodo. Ine ndinali mmodzi wa anyamata amene anasankhidwa kunyamula mipando ndi kuperekera tiyi, chotero ndinamva zambiri zimene ena a inu simunamve.

Choyamba ndivomere kuti ndinakondwa nawo kwambiri. Sindinaonepo anthu aimvi alikuseka chotero. Atangotsika, maina aulemu onse anatsala kuchipata, nayamba kuitanana maina achipongwe a paunyamata wawo. Bambo wina wooneka wolemekezeka ndithu, wa tayi ndi magalasi, anzake anamuitana kuti Bwampini, iye nayankha msangamsanga osakwiya konse, pakuti kale ndiye anali katswiri wobisa zikhokho pansi pa bedi. Anapempha kuti tiwaperekeze ku nyumba zogona, ndipo aliyense anafunafuna ngodya pamene panali bedi lake. Anakumbutsana za nyemba zofumbwa, za belu la m'mamawa m'nyengo yachisanu, ndi za mphunzitsi wina wa masamu amene anali kudziwa mnyamata wosachita ntchito yake pongomuyang'ana m'maso. Anatiuza kuti analowa Fomu 1 ndalama ya kwacha itangoyamba kumene, pakuti inayamba mu 1971, ndipo atate awo kumudzi anali kuwerengabe fizi m'mapaundi ndi mashereni, paundi imodzi kukhala makwacha awiri.

Ndinalimba mtima ndi kufunsa mmodzi wa iwo kuti, "Agogo, kodi zaka zonsezi munatani kuti musatayane?" Iwo anaseka nati, "Mdzukulu wanga, sitampa." Pamenepo anatulutsa m'chikwama mtolo wa makalata omangidwa ndi mphira, ena ofiira ndi ukalamba. Ina inachokera ku Salisbury, kumene tsopano kutchedwa Harare. Ina ku Johannesburg. Ina ku London kwa mnzawo amene anapita kukaphunzira, osabweranso. Anati kalata inali kutenga masabata, ndipo munthu ukasamuka ntchito unayenera kulembera anzako onse kuwauza keyala yatsopano, apo ayi watayika. Nkhani ya keyala imeneyi si yaing'ono m'mbiri ya sukulu za dziko lathu. Sukulu ya Zomba Catholic, imene inatsegulidwa mu 1942, anthu aidziwa ndi dzina lakuti Box 2, ndipo ya boma ya ku Dedza, ya mu 1951, aitchula Box 48. Taonani, nambala ya bokosi la ku positi ofesi inasanduka dzina la sukulu, ndipo ophunzira akale a kumeneko alinyadira kufikira lero. Agogo aja anati makalata atayamba kuchepa, anali kukomana pa maukwati a ana awo, pambuyo pake pa maliro, ndipo masiku ano ali ndi gulu lawo pa WhatsApp pamene apatsana moni m'mawa uliwonse.

Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu anandinong'oneza kuti madodawa angobwera kudzaonetsa mimba ndi magalimoto. Ine sindivomerezana naye. Munthu wa zaka pafupifupi 70 sakwera minibasi ulendo wa tsiku lonse kuti akadzitame kwa ana. Ndiponso utoto umene uli pa khoma la holo yathu ndi matiresi 20 amene analowa m'nyumba ya Fomu 1 sizinagwe kuchokera kumwamba. Tiyenera kuwathokoza, ndipo ine ndiwathokoza.

Koma tsono pali chinthu chimodzi chimene ndinaona madzulo a tsikulo. Atatha kudya, anatulutsa chithunzi cha kalasi lawo chojambulidwa ali Fomu 1, nayamba kutchula maina mzere ndi mzere. Pofika pa amene anamwalira anali kuima pang'ono, ena navula zipewa. Kenaka chala chinafika pa kamnyamata kena ka kumapeto kwa mzere wapansi, kovala kabudula wamkulu woposa msinkhu wake, ndipo onse anakhala chete. Wina anati, "Ameneyu sanali wa ku Ntcheu kodi?" Wina anati, "Iyayi, wa ku Nsanje." Wachitatu anati, "Ndi uja anachoka tili Fomu 2, atate ake atalephera fizi. Anali kutiposa tonse pa masamu." Dzina lake panalibe analikumbukira. Anapukusa mitu, chala nichipitirira kwa wotsatira. Ndinawerenga nkhope zotere zisanu pa chithunzi chimodzicho.

Sindiwaimba mlandu okalambawo, pakuti zaka 50 si masewera, ndipo ine ndemwe ndaiwala kale maina a ena amene ndinali nawo Sitandade 3. Chimene chinandilasa ndi chakuti ndinaona kalasi lathu lomwe lino m'chithunzi chija. Inu a Fomu 4 mukumbukira mnzathu wa ku Phalombe amene bedi lake linali loyandikana ndi langa tili Fomu 1. Dzina lake sindililemba pano, pakuti sindinampemphe. Ndiye amene anandiphunzitsa kusita malaya ndi simbi ya makala osawaotcha, ndipo pamene ndinadwala malungo sabata lachitatu nditangofika, ndiye anali kunditengera phala ku khitchini. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kummwera, napolo anatsika m'mapiri, anthu mazanamazana anafa ndipo midzi ina inakokoloka. Sukulu zambiri zinatsekedwa, ifenso tinapita kwathu. Pamene tinabwerera, bedi lake linali lopanda munthu. Tinamva kuti iye ali moyo, koma nyumba ndi munda zinapita, ndipo banja lake lili pa msasa. Nambala ya foni imene anandisiyira inali ya amalume ake; ndinaimba pa tchuthi kawiri, kachitatu inaleka kulowa. Teremu yotsatira bedi linapatsidwa kwa wina, dzina linachotsedwa m'kaundula, ndipo ife tinapitirira ndi maphunziro athu. Ndichita manyazi kunena kuti chaka chathachi chonse sindinamtchule ngakhale kamodzi, kufikira tsiku la chithunzi lija.

Tsono funso langa kwa inu nonse ndi ili: kodi wophunzira wakale wa sukulu ino ndani? Monga mwa chizolowezi chathu, ndi iye amene analemba mayeso a Fomu 4 nalandira setifiketi. Ameneyo ndiye alembedwa m'buku, aitanidwa ku msonkhano, alowetsedwa m'gulu la pa foni. Ine ndiganiza kuti muyeso umenewu ndi wolakwa. Munthu amene anadya nafe nyemba zomwezo, nadzuka ndi belu lomwelo, nalira nafe usiku woyamba chifukwa chosowa amayi, ameneyo ndi wa pano, ngakhale anakhala teremu ziwiri zokha. Sanachoke chifukwa chodana nafe. Ambiri otere achoka chifukwa cha ndalama za chigonero, imfa ya kholo, matenda, kapena tsoka longa la mnzathu uja. Ndipo mwa anthu onse amene anadutsa pa sukulu, amene asowa anzake koposa ndiye ameneyu. Dokotala ndi loya adzapezana okha, pakuti maina awo amveka ndipo njira zawo zikomana m'tauni. Wogulitsa makala pa njinga sadzapezeka ngati palibe amene amfuna. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Nanga udzamzimira bwanji usakudziwa kumene ali?

Ndidziwa kuti ena adzandiyankha kuti masiku a sitampa anapita, ndipo lero munthu satayika chifukwa kuli Facebook ndi WhatsApp. Mawu amenewa ndi okoma pakamwa pa munthu amene ali ndi foni. Koma foni ifuna ndalama, bandulo ifuna ndalama, ndipo nambala ifa munthu akaleka kuigwiritsa ntchito, monga ndinaonera ine. Ndiponso pali china chimene foni singachize, ndicho manyazi. Mchemwali wanga ali m'gulu la kalasi lake la ku sekondale, ndipo anandiuza kuti amene alankhula kwambiri m'menemo ndi amene zinthu zawayendera. Atumiza zithunzi za ku yunivesite, za ukwati, za galimoto yatsopano. Amene zinamkanika angowerenga mwakachetechete, tsiku lina natuluka, ndipo palibe amfunsa chifukwa chake. Kalata ya agogo aja inali yochedwa, inde, koma inali kulembedwa kwa munthu mmodzi, pa dzina lake, ndipo inali kumfunsa iye yekha kuti uli bwanji.

Enanso adzati, mwina wochokayo safuna kupezedwa. Kumlondola ndi kumkumbutsa chilonda. Pamenepa ndivomera kuti pali choona. Sitiyenera kupita kwa mnzathu monga anthu odzamuonera umphawi, kapena kumjambula zithunzi kuti dziko lione chifundo chathu. Akakana, tidzamleka. Koma akane yekha ndi pakamwa pake. Ife tisamkanire tili kuno, pakuti kawirikawiri mawu akuti "mwina safuna" ndi bulangete lofunda ulesi wathu.

Chimene ndipempha si chinthu chodula. Ndipempha a Mphunzitsi Wamkulu kuti atilole kugula buku limodzi lalikulu lachikuto cholimba, likhale ku laibulale, losiyana ndi kaundula wa ku ofesi. Mnyamata aliyense polowa Fomu 1 alembemo ndi dzanja lake dzina lake, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, boma, sukulu ya pulayimale imene anachokera, ndi mpingo kapena mzikiti wa kwawo. Nambala ya foni ilembedwe ndithu, koma kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti m'dziko lathu munthu apezeka ndi mfumu yake. Ngakhale mudzi utasamuka chifukwa cha madzi, nyakwawa idziwa kumene anthu ake anapita, ndipo mphunzitsi wa ku pulayimale saiwala mwana amene anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Lamulo la bukulo likhale limodzi: dzina likalowa silifafanizidwa. Munthu akachoka, tilembe pambali tsiku limene anachoka, ndipo kalasi lake lisankhe anyamata awiri oti amlembere kalata teremu isanathe. Kalata ya pa pepala, yodzera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya kwawo, monga achitira anthu akumudzi amene alibe bokosi lawolawo.

Kwa akuluakulu athu a bungwe la ophunzira akale, ngati magazini ino idzafika m'manja mwawo, ndinena mwaulemu wonse monga mwana. Utoto tauona ndipo holo yakongola. Koma ndikadafunsidwa ine, ndikadati khoma lidikire chaka china, ndipo ndalama ya utotoyo ilipirire chigonero cha mnyamata mmodzi amene ali pafupi kulongedza katundu wake. Aphunzitsi athu awadziwa anyamata otere, ifenso tiwadziwa: ndi aja aitanidwa ku ofesi pakati pa teremu nabwerako maso ali pansi. Agogo aja ananena okha kuti mnyamata wa kabudula wamkulu anali kuwaposa onse pa masamu. Ndani adziwa chimene akadakhala pakadapezeka munthu wa makwacha ochepa m'chaka chimenecho?

Ife a Fomu 4 tatsala ndi miyezi yowerengeka kuti tilembe mayeso a MSCE ndi kubalalika. Tayamba kale kulemberana mawu otsazikana kumapeto kwa makope, ndi kulonjezana kuti sitidzaiwalana mpaka imfa. Ndawerenga maina a pa chithunzi chathu cha Fomu 1 chimene chili m'bokosi langa, ndipo ndapeza kuti anayi sali nafenso. Atatu ndidziwa maboma awo okha. Ngati pali wina, wophunzira kapena mphunzitsi, amene adziwa mudzi kapena mfumu ya mmodzi wa iwo, chonde andipeze m'nyumba yathu yogona tikaweruka ku sitade ya madzulo; ndayamba kale kulemba m'kope langa la Jogalafe, poyembekeza buku lalikulu lija.

Za mnzanga wa ku Phalombe, ndakumbukira kuti anali kutchula kawirikawiri sukulu ya pulayimale ya kwawo ndi msika umene amayi ake anali kugulitsako nandolo. Ndapempha atate kuti pa tchuthi chikudzachi andipatse ndalama ya minibasi yochokera ku Limbe, ndipo avomera, malinga ndiyambe ndathandiza kukolola. Ndidzayambira kwa mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo. Ndili ndi buku lake la Chingerezi limene anandibwereka sabata lomwe namondwe anagwa, ndipo dzina lake lili pachikuto m'zilembo zake zopendekeka.