MLANDU WA AKULU OSAYANKHA

Mwezi uno tiri ndi mlandu, ndipo tiunena poyera, pakuti wakhalitsa m'mitima mwathu. Mlanduwo ndi wa iwo amene aitana ana athu ku mafunso a nchito, amene a m'tauni awacha intavyu, nawabweza kwao opanda mau.

M'mudzi mwathu muli mnyamata amene anakhoza mayeso a MSCE. Tsiku lina anamuitana ku Lilongwe, ku kampani yofuna kalaliki. Amace anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi, atsibweni ace anambwereka jekete, ndipo tonse tinamperekeza kumseu. Anafika mamawa, nakhala pabenci kufikira dzuwa litapendeka. Polowa anapeza akulu atatu: mmodzi analikulankhula pa foni, wina sanatukule maso konse. Anamfunsa mafunso awiri, osayang'ana makalata ace, nati, "Pitani, tidzakuimbirani." Pamenepo cimanga cinali ca m'maondo, lero takolola ndi kututira m'nkhokwe, koma foni sinalire.

Sitidandaula kuti sanamlembe. Malo anali amodzi, ndipo kapena anapezeka womposa. Cimene tikana ndico kukhala cete kumeneku. Makolo anati safunsa anadya phula; koma mwana uyu anafunsa, nalemba kalata kawiri, ndipo phulalo anamdyetsa ndi iwo amene anamana yankho.

Taonani zipatso zace. Mnyamatayo sadziwa ngati analakwa Cingerezi, kapena masamu, kapena kabvalidwe, motero akadzaitanidwa kwina adzapunthwa pa citsa comweco. Ayesa kuti iye ndi wacabe, naleka kufunsira nchito. Amace, posowa cifukwa, ayamba kuyang'ana nyumba ya mnansi ndi kunong'ona za ufiti. Anzace nawo ati, "Malo anagulitsidwa kale, anangokuitana kuti udzaze benci." Kaya cinyengo cinalipo kaya panalibe, ofesi yosayankha yadzinenera yokha coipa, pakuti kumene kulibe mau, mphekesera ilowa ufumu.

Kodi mwambo uwu tinautenga kuti? Pabwalo la mfumu, wogwa pa mlandu auzidwa pamene walakwa. Mnyamata akafunsira mbeta namkana, a kucikazi atumiza mau, kuti asataye masiku akudikira. Ngakhale malamulo a dziko lathu adziwa kulemera kwa cifukwa. Lamulo la za nchito la caka ca 2000 liletsa kucotsa wanchito popanda cifukwa comveka, ndiponso asanamve mbali yace. Lomwelo liletsa tsankho la mtundu, cipembedzo, cinenero, ulema, kapena kuti uyu ndi mkazi, ngakhale kwa iye amene angofunsira nchito. Tsono tifunsa: mwana wa kumudzi adzadziwa bwanji kuti sanamcite tsankho, ngati palibe amuuza kanthu? Mpanda wopanda mlonda, nkhumba ziulowa usana.

Adzatiyankha kuti, "Ofunsira acuruka, tilembere onse kodi?" Sitinena za onse amene anaponya makalata. Tinena za owerengeka aja munawasankha nokha, nimuwaitana ndi maina ao kucokera ku Dedza, ku Ntchisi ndi ku Nsanje. Nthawi yakuwaitana munaipeza; yakuwamasula isowa bwanji? Makolo athu anayenda masiku ndi kalata pa bango. Inu muli ndi foni m'thumba. Mau awiri akwanira: "Tatenga wina, inu mukalimbike pa masamu." Mau otere awawa tsiku limodzi, koma kudikira kuwawa caka.

Ndipo tisaloze cala kutauni kokha. Pakati pa ife owerenga alipo a komiti ya sukulu, eni zigayo ndi magolosale, ndi ena ofuna mlonda kapena mbusa wa ng'ombe. Kangati tauza munthu kuti "ubwere mawa", tidziwa kale mumtima kuti sitidzamtenga? Kumeneko ndiko kunama, kungakhale kwabvala ulemu.

Cifukwa cace tipempha zitatu. Woitana munthu amchulire tsiku limene adzamva yankho. Tsikulo likafika ayankhe, kungakhale kukana. Ndipo wokanidwa akafunsa cifukwa, amuuze coona, mwaulemu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene akhala pabenci lero anadza ndi mtengo wa mbuzi ya amace, ndipo ayenera kubwerera nao mau.